Makina osonyeza njira m'galimoto: kodi ndi oyenera ndalama zoonjezera?

Aliyense amene anafunapo kugula galimoto m'zaka zino adziwa kuti mtengo sukambidwa pa injini ndi matayala pokha ai. Wogulitsa akafika pa kagalasi kowala kamene kali pambali pa ciwongolero, mau ake amakwera, ndipo mtengo nawonso umakwera. Amati galimotoyo ili ndi "navigation", ndiko kuti makina oikidwiratu ku fakitale amene amaonetsa mapu ndi kuuza woyendetsa pokhotera. Pa masamba a pa intaneti a makampani a ku Japan ogulitsa magalimoto ogwirapo kale nchito, monga BE FORWARD ndi SBT Japan, liu limeneli limalembedwa pa mndandanda wa zokometsera galimoto, pamodzi ndi mipando ya cikopa ndi kamera yoonera kumbuyo.

Funso limene ogula ambiri safunsa pa nthawi yake ndi lakuti, kodi makinawo adzagwira nchito yanji pa mseu wa Great East, m'makwalala a ku Kanyama, kapena pa kanjira kopita kumudzi ku Lundazi? Yankho lake limadalira kumene galimotoyo yacokera, zaka zake, ndiponso foni imene wogulayo ali nayo kale m'thumba.

Makina awa amadalira zinthu ziwiri zosiyana, ndipo kusasiyanitsa ziwirizi ndi kumene kumatayitsa anthu ndalama. Coyamba ndi uthenga wocokera kumwamba. Boma la America lili ndi masetilaiti a GPS amene amazungulira dziko lapansi kawiri pa tsiku, pa mtunda wa makilomita pafupi-fupi 20,200 kucokera pansi. Setilaiti iriyonse ili ndi wochi yolondola kwambiri, ndipo imaulutsa kosalekeza nthawi ndi malo amene ili. Makina a m'galimoto amayesa nthawi imene uthengawo watenga kuti uwafike, ndipo akamva masetilaiti anayi kapena kuposerapo amawerengera pamene galimoto yaima. Makinawo satumiza kanthu kumwamba. Amangomvetsera, monga momwe wailesi ya m'nyumba mwanu imamvetsera nyumba youlutsa mau popanda kuiyankha. Uthenga umenewu ndi waulere, ndipo umafika ku Shangombo mofanana ndi ku Tokyo. Masiku ano alinso masetilaiti a GLONASS a ku Russia, a Galileo a maiko a ku Ulaya ndi a BeiDou a ku China, amene mafoni ambiri atsopano amawamva pamodzi ndi a GPS.

Caciwiri ndi mapu. Setilaiti sidziwa kuti ku Lusaka kuli mseu wa Cairo kapena msika wa Soweto. Imene imapereka ndi manambala cabe osonyeza malo. Maina a miseu, mphambano, maulalo ndi malo omwetsera mafuta zimakhala pa mapu osungidwa m'kati mwa makinawo, pa disiki, pa kakhadi ka SD kapena m'cosungira cina ca m'kati. Conco munthu amene walipira ndalama zoonjezera kweni-kweni walipirira mapu ndi kagalasi koonetsera mapuwo, cifukwa ca kumwambaco n'caulere. Mapuwo akakhala a dziko lina, kapena akakhala akale, ndiye kuti cimene munagula ndi kagalasi kokha.

Mtengo wokwera wa makinawa uli ndi mbiri yake. Mu 1981 kampani ya Honda inatulutsa makina ochedwa Electro Gyrocator, amene sanali kugwiritsa nchito masetilaiti konse. Woyendetsa anali kulowetsa yekha mapu ojambulidwa pa pepala loonekera, ndipo mtengo wake unali pafupi-fupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mtengo wa galimoto yonse. Mu 1990 Mazda inaika GPS m'galimoto yake ya Eunos Cosmo. Setilaiti yoyamba ya GPS inaponyedwa mu 1978 pa zolinga za asilikali, ndipo dongosolo lonse linalengezedwa kuti lakwanira mu 1995. Anthu wamba analonjezedwa kuligwiritsa nchito ndi Pulezidenti Ronald Reagan mu 1983, pambuyo pakuti ndeke ya Korean Air Lines inasocera n'kulowa m'malire a Soviet Union, kumene inaomberedwa ndipo anthu 269 anafa. Komabe asilikali anali kusokoneza dala uthenga wa anthu wamba, kotero kuti makina anali kulakwa ndi mamita okwana 100, kufikira mu May 2000 pamene Pulezidenti Bill Clinton analamula kuti kusokonezako kuthe. M'zaka zotsatira, munthu wa ku America wofuna makina oikidwiratu m'galimoto yatsopano anali kuonjezera madola pafupi-fupi 2,000, ndipo panalibe wodabwa, pakuti njira ina inali buku la mapu.

Zinthu zinatembenuka mu October 2009, pamene Google inalengeza kuti mafoni a Android adzayamba kulondolera woyendetsa ndi mau, mphambano ndi mphambano, kwaulere. Tsiku lomwelo masheya a makampani opanga makina a GPS, Garmin ndi TomTom, anagwa kwambiri. Kucokera pamenepo, funso la mtengo linasintha: wogula salinso kuyerekeza makina a m'galimoto ndi buku la mapu, koma ndi cinthu cimene ali naco kale ndipo sacilipira.

Galimoto ya ku Japan

Kuno kwathu nkhaniyi ili ndi mbali imene olemba a kunja saikamba. Magalimoto ambiri ang'ono-ang'ono a pa miseu yathu, a Allion, a Vitz, a Spacio, a Mark X, a Noah ndi a Honda Fit, anagwira kale nchito ku Japan asanatsike pa doko la Dar es Salaam, Durban kapena Walvis Bay n'kulowera pa Nakonde, pa Chirundu, pa Kazungula kapena pa Katima Mulilo. Amatiyenera cifukwa ku Japan nakonso amayendetsa kumanzere kwa mseu. Koma makina osonyeza njira amene amabwera nawo anapangidwira msika wa ku Japan wokha basi.

Mapu amene ali m'kati mwake ndi a Japan, ndipo pa makina ambiri palibe njira yolowetsera mapu a Zambia. N'cifukwa cake mukakwera taxi mumaona kamubvi kakuyandama pa buluu wa nyanja, kapena kataima pa mseu wa mzinda wa ku Japan, pamene galimoto ili pa Kabwe roundabout. Makinawo sanaonongeke. Amva masetilaiti bwino lomwe, koma malo amene auzidwa kulibe pa mapu ao. Zolembedwa zonse n'za m'Cijapanizi, ndipo ambiri alibe posinthira kuti alembe Cingerezi, kotero kuti ngakhale kukonza nthawi kapena kulumikiza foni pa Bluetooth kumafuna kuyesa mabatani mwa mwai. Acinyamata ena masiku ano amaloza kamera ya foni pa kagalasiko kuti Google Translate iwatanthauzire, ndipo n'zoseketsa ndithu kuona foni ikuthandiza makina amene anayenera kuilowa m'malo.

Mau a mayi amene amalankhula Cijapanizi mukangoliza injini, amene ena amati ndi moni, kawiri-kawiri amacokera m'kabokosi kena ka ETC, kolipirira pa mageti a miseu ya ku Japan. Mayiyo amangokuuzani kuti khadi lolipirira simunalowetse. Pa mageti athu a ku Shimabala kapena ku Chongwe kabokosi kameneko n'kopanda nchito. Cimodzimodzi TV imene wogulitsa amaitamanda: ku Japan amaulutsa pa dongosolo la ISDB-T, pamene Zambia inasankha DVB-T2, conco kagalasiko sikadzaonetsa nyuzi kapena mpira wa kuno.

Omvera wailesi ndiwo amakhudzidwa koposa. Mawailesi a m'magalimoto a ku Japan anapangidwa kuti azigwira FM kuyambira pa 76 kulekeza pa 90 MHz, ndipo atsopano ena amafika pa 95 kapena kupitirirako pang'ono. Kuno, monga m'maiko ambiri, FM imayambira pa 87.5 kufika pa 108. Ndiye kuti mbali yaikulu ya nyumba zoulutsa mau za m'dziko lino ili kunja kwa kumene wailesiyo ingafike. Amakaniko a zamagetsi amaika kacipangizo kochedwa band expander pa waya wa mlongoti, kamene kamatsitsa manambala kuti alowe m'malire a wailesiyo. Kamathandiza, koma nambala yooneka pa kagalasi simagwirizananso ndi imene muulutsi amachula, ndipo nthawi zina nyumba ziwiri zimagwera pamalo amodzi n'kumamvekera pamodzi.

Palinso bvuto lina limene limaonekera mocedwa. Makina ambiri otere, maka-maka oikidwa m'magalimoto a Toyota, batiri ikacotsedwa kapena ikatheratu mphamvu amafuna kakhadi ka mapu kapena nambala yacinsinsi kuti ayakenso. Kakhadiko kakakhala kuti kanasowa pa ulendo wa pa nyanja kapena pa doko, zonse zimazima pamodzi: wailesi, nyimbo, nthawi zina ndi kamera ya kumbuyo yomwe. Pamenepo mwini galimoto amayamba kusakasaka munthu wodziwa kutsegula makinawo, ndipo ameneyo sacita ulere.

Pa galimoto yotere, liu lakuti "navigation" siliyenera kuonjezera ngakhale ngwee imodzi pa mtengo. Wogula wocenjera angalitenge ngati cifukwa cotsitsira mtengo, popeza mwina adzafunika kucotsa makinawo n'kuika ena. Ambiri amaika makina a Android ocokera ku China, amene ali ndi FM yonse, Cingerezi ndi mapu a kuno. Asanazule akalewo, mwini afunse makaniko ngati kamera ya kumbuyo ndi mabatani a pa ciwongolero zidzalumikizika. Pa magalimoto ena apamwamba, monga ma Crown, ma Harrier ndi ma Land Cruiser ena, kagalasi komweko ndi kamene kamayendetsa mpweya wozizira, ndipo kukazula mwacisawawa ndi kudziphika wekha mu October.

Magalimoto ocokera ku Britain ali bwinoko pang'ono, pakuti cinenero n'Cingerezi ndipo FM ndi yofanana ndi yathu, koma mapu ake ndi a ku Ulaya. Ocokera ku South Africa kawiri-kawiri amakhala ndi mapu a maiko a kum'mwera kwa Africa, ngakhale kuti tsatane-tsatane amene amapereka pa Johannesburg si amene amapereka pa Katete.

Galimoto yatsopano

Kwa munthu kapena kampani yogula galimoto yatsopano, nkhani ndi yobvutirapo, cifukwa makinawa sagulitsidwa paokha kawiri-kawiri. Amabwera m'gulu la zokometsera za mtundu wapamwamba wa galimotoyo, pamodzi ndi mipando ya cikopa, malimu owala ndi zokuzira mau zamphamvu. Wogulitsa angakuuzeni kuti kusiyana kwa mtengo n'kwa mapu, pamene mwalipirira zinthu zisanu, zitatu mwa izo simunazifune. Ndipo popeza msonkho wa galimoto yatsopano umawerengedwa potengera mtengo wake, cokometsera ciriconse cimalipiridwa kawiri, kwa wopanga ndi ku boma.

Cofunika kuganizira kwambiri ndi kusiyana kwa moyo wa galimoto ndi moyo wa makina. Hilux yosamalidwa bwino imayenda zaka 20. Foni imasinthidwa pakapita zaka zitatu kapena zinayi, ndipo mapu ake amakonzedwa mosalekeza mwini wake osadziwa n'komwe. Makina a m'galimoto amakalamba ali pamalo amodzi. Pa 1 January 2022, eni magalimoto ambiri akale a Honda ndi Acura anapeza kuti wochi ya makina ao yabwerera ku caka ca 2002, cifukwa ca mmene makinawo anali kuwerengera masabata a GPS, ndipo anakhala miyezi ingapo osatha kuikonza. M'caka comweco makampani a mafoni a ku America anazima netiweki ya 3G, ndipo magalimoto ambiri amene anali kudalira netiwekiyo anataya zina mwa nchito zimene eni ake analipirira pogula.

Onani mmene miseu yathu yasinthira m'zaka zocepa. Mseu wa Mongu kupita ku Kalabo, wodutsa m'cigwa ca Barotse, unatsegulidwa mu 2016. Maulalo a pamwamba a ku Makeni, ku Arcades, ku Munali ndi ku Longacres mu Lusaka anatsegulidwa pakati pa 2020 ndi 2021. Ulalo wa Kazungula unatsegulidwa mu May 2021, ndipo mapu opangidwa kumbuyo kwa caka cimeneco akali kutumiza munthu ku pontuni. Ku Ndola, bwalo latsopano la ndeke la Simon Mwansa Kapwepwe linatsegulidwa mu 2021 pa malo ena, kunja kwa mzinda. Dzina ndi lomwe lija la bwalo lakale, kotero kuti mlendo wodalira mapu akale angafike pa geti yolakwika ndeke yake ili pafupi kunyamuka. Maboma a dziko lino anali 72 mu 2011, tsopano ndi 116, ndipo maina monga Vubwi, Sinda, Chipangali, Kasenengwa ndi Lumezi monga maboma oima paokha ndi a m'zaka zimenezi. Mapu a m'galimoto angakonzedwe, inde, koma pa magalimoto ambiri akale zimafuna kugula disiki kapena kakhadi katsopano, ndipo wopanga amaleka kutulutsa mapu atsopano galimoto ikakalamba.

Ngakhale opanga magalimoto adziwa kuti mapu ndiwo cuma ceni-ceni. Mu 2015 Audi, BMW ndi Daimler, amene ndi opikisana pa msika, anasonkha pamodzi ma euro pafupi-fupi 2.8 biliyoni kugula kampani ya mapu ya HERE kucokera kwa Nokia. Ndalama zotere zimabwezedwa ndi ogula, ndipo m'magalimoto atsopano ambiri nchito monga kuonetsa kuculuka kwa magalimoto pa mseu zimakhala zaulere kwa zaka zoyamba zokha, kenaka mwini azilipira pa mwezi kapena pa caka. Mu 2023 kampani ya General Motors inalengeza kuti magalimoto ake atsopano a magetsi sadzalolanso mapu a pa foni kuonekera pa kagalasi kudzera mu Apple CarPlay ndi Android Auto, ndipo ogula ambiri anadandaula kuti colinga n'kuwamangirira ku mapu olipira a kampaniyo.

Maina awiri amenewa, CarPlay imene inatuluka mu 2014 ndi Android Auto imene inafika m'magalimoto mu 2015, ndiwo ofunika kuwafunsa ku sitolo. Galimoto yokhala nazo imaonetsa mapu a foni yanu pa kagalasi kake, mau olondolera n'kumamvekera m'zokuzira mau za galimoto. Zimapezeka ngakhale pa mitundu yapakati, yosafuna mtengo wapamwamba uja, ndipo mukagula foni yatsopano galimoto nayo imakhala ngati yapata makina atsopano.

Kumene makina oikidwiratu amapambana

Ogulitsa ali ndi mfundo imodzi imene amaikonda: akuti foni imafuna netiweki, ndipo mukangodutsa ulalo wa Luangwa kapena kulowa m'nkhalango ya Kafue mudzasocera. Mfundoyi ndi yoona theka. GPS ya m'foni simafuna netiweki kapena mabandulo. Imamva masetilaiti ngakhale mulibe SIM khadi. Cimene cimafuna intaneti ndi kutenga mapu. Kuyambira mu 2015 Google Maps imalola munthu kusunga mapu a dera lonse m'foni akali pamalo pamene pali netiweki, ndipo mapulogalamu monga Organic Maps ndi OsmAnd amasunga mapu a Zambia yense, otengedwa ku OpenStreetMap, mapu amene anthu odzipereka akhala akujambula kuyambira mu 2004. Amene anasunga mapu asananyamuke pa Lusaka adzalondoleredwa mpaka ku Chipata, makilomita oposa 550, netiweki ikhalepo kapena ai. Amene anaiwala ndiye adzaona kadontho ka buluu pa cithunzi copanda kanthu.

Komabe si cilungamo kukamba kuti makina oikidwiratu alibe ubwino. Mlongoti wao uli pamalo oonekera bwino kumwamba, ndipo amalumikizidwa ku zoyesera liwiro la matayala ndi kukhota kwa galimoto, kotero kuti masetilaiti akabisika amapitiriza kuwerengera okha. Ubwino umenewu ndi waukulu m'mizinda ya miseu ya pansi pa nthaka ndi nyumba zosanja zazitali, koma m'dziko la thambo loyera ngati lathu ndi wocepa. Ubwino umene umatikhudza ndi wa kutentha. Foni yomangidwa pa galasi la kutsogolo masana a mu October m'cigwa ca Luangwa kapena ku Chirundu, uku ikuchajidwa, imatentha mpaka kudzizima yokha. Makina a galimoto anapangidwa kuti apirire kutentha kotere. Sathanso batiri, ndipo mapu sacoka pa kagalasi wina akaimba foni pa mphambano yobvuta.

Ndiyeno pali lamulo. Lamulo la za pamseu la 2002 limaletsa kugwira foni m'manja poyendetsa, ndipo apolisi ndi a RTSA sadzamvera cifukwa cakuti munali kuyang'ana mapu. Woyendetsa amene waika foni pa ncafu n'kumaweramira pansi kuti aone pokhotera ndi woopsa kwa ana a sukulu oyenda m'mbali mwa mseu. Koma mankhwala a zimenezi ndi cogwirira foni comangidwa bwino ndi cingwe cochajira, zinthu zochipa kwambiri poyerekeza ndi kusiyana kwa mtengo wa mitundu iwiri ya galimoto.

Amene makina apadera angawathandizedi ndi oyenda m'thengo: onyamula alendo okaona nyama, ogwira nchito za migodi ndi za nkhalango, ndi a mabungwe opereka thandizo kumidzi yakutali. Ngakhale iwo ambiri sadalira makina a ku fakitale. Amanyamula makina a Garmin kapena tabuleti yokhala ndi mapu a Tracks4Africa, a ku South Africa, amene amajambulidwa potengera maulendo eni-eni a anthu oyenda m'njira za fumbi. Oyendetsa magalimoto a magetsi ali ndi cifukwa cao, pakuti makina a galimoto yotere amadziwa mphamvu yatsala mu batiri ndipo amawerengera ngati idzafika. Koma otere akali ocepa pa miseu yathu.

Cinthu cimodzi ciyenera kumveka bwino, cifukwa ena anagula galimoto akhulupirira zosiyana. Makina osonyeza njira si makina olondola galimoto yobedwa. Monga takamba, amangomvetsera, satumiza uthenga kwa aliyense. Galimoto ikabedwa pa Town Centre, kagalasi kaja sikadzauza mwini kapena apolisi kumene yapita. Cofunika pa nchito imeneyo ndi tracker, kacipangizo kobisika kokhala ndi SIM khadi yake, kamene kawiri-kawiri kamalipiridwa mwezi ndi mwezi. Wogulitsa akati "ili ndi GPS", mufunseni kuti akamba citi pa ziwirizi.

Malire a mapu alionse

Makina onsewa anapangidwira maiko kumene nyumba iriyonse ili ndi nambala pa mseu wokhala ndi dzina. M'makomboni ambiri a mu Lusaka, Kitwe ndi Chipata, njira imalongosoledwa mwa mtundu wina: mukafika pa chalichi ca Katolika mukhotere kumanja, mupitirire cigayo, geti yaciwiri yakuda. Makina a ku fakitale amafuna dzina la mseu ndi nambala ya nyumba. Foni ili ndi njira imene yagwirizana ndi moyo wathu, yotumiza kadontho ka malo pa WhatsApp, wolandira n'kungokadina ndi kuyamba ulendo. Oyendetsa taxi za Yango, imene inafika mu Lusaka mu 2022, amagwira nchito tsiku lonse ndi mapu a pa foni, ambiri a iwo m'magalimoto amene kagalasi ka ku fakitale kakali kuonetsa Japan. Ngakhale iwo, akayandikira, amaimbabe foni n'kufunsa kuti, "Mwaima pati, bwana?"

Kumidzi bvuto ndi lina. Mapu amadziwa kuti mseu ulipo, koma sadziwa kuti ndi mwezi wa February. Alendo opita ku South Luangwa akhala akucenjezedwa za njira yakale yocokera ku Petauke kupita ku Mfuwe, imene pa mapu imaoneka yacidule poyerekeza ndi kuzungulira pa Chipata, koma ndi yoipa ngakhale m'cilimwe ndipo m'dzinja mitsinje imaitseka. Kunja zafika potayitsa miyoyo. Mu November 2024, m'boma la Bareilly ku India, amuna atatu anafa galimoto yao itagwa pa ulalo woduka wa pa mtsinje wa Ramganga, ndipo apolisi anati anali kutsata mapu a pa foni. Ku Cape Town mu 2023, Google inasintha mapu ake kuti asamatumize alendo ocokera ku bwalo la ndeke kudzera m'komboni ya Nyanga, alendo ena ataukiridwa kumeneko. Zocitika ziwirizi zikhudza mapu a pa foni, amene amakonzedwa kawiri-kawiri. Mapu a pa disiki ya zaka khumi sangadziwe konse za ulalo umene unakokoloka dzinja latha. Pa njira ya fumbi imene simuidziwa, woyendetsa minibasi kapena canter wa kumeneko ndiye ali ndi nkhani za dzulo.

Wogula galimoto ya ku Japan, tsono, awerengere mtengo ngati kuti makinawo mulibe, ndipo asanalipire aone ngati kakhadi ka mapu kalimo ndi kuti wailesi ifika pa nambala iti. Wogula yatsopano apemphe wogulitsa kuti alembe pa kagalasiko dzina la malo amene iye awadziwa bwino, osati Manda Hill kapena bwalo la ndeke la Kenneth Kaunda, koma sukulu ya kwao ku Nyimba kapena cipatala ca ku Chadiza, aone ngati makinawo awapeza. Afunsenso caka cimene mapuwo anapangidwa, amene adzawakonza, mtengo wa kukonzako, ndi zaka zimene wopanga walonjeza kupitiriza. Mayankho amenewa alembedwe pa pepala la mgwirizano. Ngati mtundu wochipirapo wa galimoto yomweyo uli ndi CarPlay kapena Android Auto pamodzi ndi kamera ya kumbuyo, ndalama zotsalazo zingagule matayala abwino anayi ndi inshuwalansi yokwanira ya caka coyamba.